Suti ya kuntchito ndi beseni la pakhomo

Pali ntchito zina zomwe munthu supita utavala mmene wafunira. Wogwira ntchito kubanki, loya wopita kukhoti, mlembi wa ku Capital Hill, wolandira alendo pahotela, mphunzitsi wamkulu: onsewa amayenera kuoneka bwino kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ndi mabwana ochepa amene amaikapo kangachepe pa malipiro kuti aka ndi kochapitsira zovala. Suti imagulidwa kamodzi, koma kuisamala kumadya m'thumba mwezi ndi mwezi.

Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodalira katundu wochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo kuchapitsa ku dry cleaner sikunatsale. Eni malowa sitingawanene kuti ndi adyera. Mankhwala amene amachapira ndi oitanitsa kunja, makina akawonongeka zipangizo zake n'zakunjanso, magetsi akazima amaliza jenereta ya dizilo. Komabe wolandira malipiro a pamwezi ali ndi lendi, fizi, ufa ndi thiransipoti zomudikira. N'chifukwa chake ambiri masiku ano akumaima ndi siketi kapena thalauza m'manja, n'kumayang'ana kalebulo kolembedwa kuti "Dry clean only", kwinaku akuyang'ana beseni.

Yankho langa ndi lakuti zovala zambiri zokhala ndi kalebulo kotere zingathe kusamalidwa pakhomo bwinobwino, koma si zonse, ndiponso si mmene timachapira mayunifomu a ana asukulu. Wofuna kupulumutsa ndalama ayambe wadziwa nsalu imene wagwira, chifukwa kulakwitsa kamodzi kokha kumataya ndalama zoposa zimene amafuna kusunga chaka chonse.

Ku dry cleaner zovala zimalowa m'makina aakulu ozungulira, koma m'malo mwa madzi mumakhala mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta. Luso limeneli ndi lakale. Mu 1821 telala wina wa ku New York, Thomas Jennings, analandira chiphaso cha boma chotsimikiza kuti njira ina yoyeretsera zovala popanda madzi ndi yotulukira iye, ndipo amadziwika kuti ndi munthu wakuda woyamba ku America kulandira chiphaso chotere. Kalelo ankagwiritsa ntchito palafini, petulo ndi mafuta ena oyaka msanga, moti nyumba zochapira zinkapsa kawirikawiri. Kuyambira cha m'ma 1930 anthu anatembenukira ku mankhwala otchedwa perchloroethylene, omwe ambiri amangoti perc, chifukwa sagwira moto.

Perc ali ndi vuto lakenso. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inamuika m'gulu la mankhwala amene akuganiziridwa kwambiri kuti amayambitsa khansa, ndipo mu Disembala 2024 bungwe loteteza chilengedwe ku America linalamula kuti ochapa zovala asiye kumugwiritsa ntchito pang'onopang'ono m'zaka 10. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi antchito opuma mpweya wake tsiku lonse, osati wovala suti. Ngakhale zili choncho, chovala chikabwera kuchokera kochapitsa muzichichotsa m'pulasitiki n'kuchipachika pamalo opita mphepo musanachilowetse kuchipinda chogona.

Ubwino wa mankhwalawa ndi woti amachotsa mafuta popanda kufufumitsa ulusi, choncho chovala sichifupika kapena kupindika. Koma pali zinthu zomwe sachita nazo bwino: thukuta, mchere, shuga wa mu tiyi kapena wa mu Sobo. Izi zimasungunuka m'madzi. Wochapa waluso amayamba wazichotsa pamanja ndi timadzi pang'ono kapena nthunzi chovala chisanalowe m'makina, ndipo wosalabadira amakubwezerani jekete yositidwa bwino koma m'khwapa mukununkhabe. Tsono taganizirani litsiro la munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre mu Okutobala, yemwe wathithikana mu minibasi kapena wakwera kabaza pamsewu wafumbi. Litsiro lake lalikulu ndi thukuta ndi fumbi. Zonse ziwirizi burashi ndi madzi zimathana nazo.

Nanga kalebulo kaja kamaletseranji? Masuti, masiketi ndi mabulauzi ambiri amene timavala kuofesi ndi a pa kaunjika, osokedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo malangizo ake analembedwa potsatira malamulo a kumeneko. Ku America lamulo la 1971 limakakamiza wopanga chovala kuikapo kalebulo kotchula njira yochisamalira, koma limangofuna njira imodzi yosawononga, osati zonse zotheka. Kampani yosafuna kubwezeredwa katundu imasankha njira yomwe singaibweretsere madandaulo. Kalebulo kongoti "Dry clean" nthawi zambiri ndi langizo chabe. Kowonjezera kuti "only" n'kolimbirapo, ndipo muzikapatsa ulemu wake.

Zovala za ku Ulaya zimalankhula ndi zizindikiro. Kabeseni kokhala ndi dzanja ndiye kuti chapani pamanja. Kabeseni kodulidwa ndi mtanda ndiye kuti madzi ayi. Kachizindikiro kozungulira ngati ziro n'ka akatswiri ochapa, ndipo chilembo P kapena F m'kati mwake chimawauza mankhwala oyenera, pomwe W akutanthauza kuti iwonso angachape ndi madzi mwa njira yawo yosamala. Ka makona atatu kamanena za mankhwala oyeretsa monga Jik. Koma kalebulo kofunika koposa onse ndi kena kamene ambiri sitikawerenga, kobisika m'mbali mwa msoko kapena m'thumba la m'kati, kotchula ulusi umene anaombera nsaluyo.

Poliyesitala, nayiloni ndi akiriliki saopa madzi. Thonje ndi bafuta nazonso zimachapika, kungoti zingafupike pang'ono ndipo zimakwinyika. Masiketi ndi mathalauza ambiri a kuofesi ndi a poliyesitala wosakaniza ndi ulusi wina, ndipo apa ndi pamene munthu angapulumutse ndalama zambiri popanda mantha.

Ubweya wa nkhosa ndiye umafuna kuumvetsa. Suopa madzi pawokha, pajatu kufakitale amautsuka ndi madzi asanaupote. Vuto ndi lakuti kaulusi kalikonse ka ubweya kali ndi timamba tating'onoting'ono ngati ta nsomba. Ubweya ukanyowa, n'kutenthedwa, kenako n'kuchikichidwa, timamba timeneti timakolana ndipo sitimasukanso. Juzi ya bambo imasanduka ya mwana, yolimba gwa, ndipo palibe telala angaibwezeretse. Chimene chimapha ubweya ndi zinthu zitatu zikakumana: madzi, kutentha ndi kuchikicha. Mukachotsapo ziwiri zomalizazi, ubweya umachapika. Silika naye amachapika m'madzi ozizira, koma utoto wake umakonda kutuluka, choncho yambani mwanyowetsa kansalu koyera n'kukakanikiza pamalo obisika monga m'kati mwa mpendero. Kakatenga mtundu, chovalacho chisalowe m'beseni.

Nsalu yonyenga kwambiri ndi viscose, yomwe ena amalemba kuti rayon. Imaoneka yofewa ndi yosavuta, ndipo mabulauzi ndi madiresi ambiri a pa kaunjika ndi a nsalu imeneyi. Ikanyowa imafooka kwambiri, ingathe kufupika kapena kutamuka mbali imodzi. Ina imapirira kuchapa, ina ayi, ndipo ndi maso simungazisiyanitse. Ngati kalebulo ka viscose kakuletsa madzi, ine ndimamvera. Zachikopa, veleveti, masiketi a mapinda ambirimbiri, zovala zomatidwa mikanda ndi matayi, zonsezi zisiyeni kutali ndi beseni.

Jekete ya suti ndi nkhani ina payokha. Chimene mumaona kunja ndi nsalu imodzi, koma m'kati muli zambiri: nsalu yolimbitsa pachifuwa ndi pa kolala, timapilo ta m'mapewa, ndi nsalu yoterera ya m'kati. Zonsezi zikanyowa sizifupika mofanana. Majekete ambiri a masiku ano nsalu yolimbitsayo anachita kuimata ndi guluu kufakitale, ndipo madzi ndi kutentha zikalowapo guluu amalekerera malo ena, pachifuwa n'kutuluka timatuza tomwe simbi singafafanize. Jekete yotere yatha basi, ngakhale nsalu yake ikhale yatsopano. Majekete ena a amayi, a poliyesitala opanda zolimbitsa zambiri, amapirira kuchapa pamanja. Ngati mukukayika, pitani nayo kwa telala wodziwa kusoka masuti, ngakhale wa pakhonde la sitolo. Akangoitsina pachifuwa ndi zala adzakuuzani zimene zili m'kati. Paja safunsa anadya phula.

Chinsinsi chachikulu chopulumutsira ndalama sichili m'beseni ayi. Chili pa zimene mumachita madzulo aliwonse mukangofika pakhomo. Nthawi zambiri suti imapita kochapitsa isanade n'komwe, yangokwinyika ndi kugwira kafungo. Mukavula, tulutsani zonse za m'matumba, makiyi, foni, ndalama zachitsulo, chifukwa zimakoka nsalu. Ipachikeni pa hang'ala ya mapewa otambalala, osati ya waya kapena pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Ipukuteni ndi burashi yofewa kuchokera m'mapewa kutsika m'munsi, makamaka pa kolala ndi m'mipendero ya thalauza momwe fumbi lofiira limabisala. Fumbi likakhalitsa limadya ulusi. Kenako isiyeni pamalo opita mphepo usiku wonse musanaitsekere m'kabati. Ngati muli ndi masuti awiri, muzisinthanitsa kuti iliyonse izipuma tsiku limodzi. Ubweya umadziwongola wokha ukapatsidwa mpata.

Valani vesiti kapena malaya a manja m'kati kuti thukuta lizithera pa chovala chochapika. Mafuta onunkhira a m'khwapa ayambe auma musanavale, ndipo perefyumu azipita pakhungu, osati pansalu. Makwinya ndi kafungo zimachoka ndi nthunzi: pachikani chovala kubafa pamene mukusamba madzi otentha, kapena chidutsitseni patali pang'ono ndi mlomo wa ketulo yowira, mosamala kuti musapse manja. M'khwapa mwa jekete mungapukute nsalu ya m'kati yokha ndi kansalu konyowetsedwa m'madzi osakaniza ndi viniga woyera pang'ono, n'kuisiya iume itatembenuzidwa.

Banga likagwa, liwiro ndi limene limapulumutsa. Musalipake uku ndi uku, chifukwa mukatero mumalilowetsa m'kati ndi kukwechesa nsalu. Tengani kansalu koyera, kanikizani, nyamulani, kanikizaninso pena poyera, kuyambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati. Msuzi wa nyama kapena mafuta a tchipisi athireni pawuda wa ana kapena ufa wosalala wa chinangwa, agone usiku wonse kuti ufawo uyamwe mafuta, m'mawa muchotse ndi burashi. Pakatsala kachizindikiro, kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale kosungunula m'madzi kamathandiza. Magazi amafuna madzi ozizira okhaokha, otentha amawaphika n'kuwamatiriza. Matope a nthawi ya dzinja alekeni aume kaye, kenako burashi. Inki ya bolopeni imachoka ndi sipiriti, koma gulani woyera wa ku famase, chifukwa wa mtundu wapepo uja angasiye banga lakelake pa nsalu yowala. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo asayandikire suti: ambiri ali ndi acetone, yemwe amasungunula nsalu ya acetate imene amakonda kuika m'kati mwa majekete. Ndipo musasite pamalo pomwe banga lisanachoke, chifukwa kutentha kumalikhazika mpaka kalekale.

Tsopano tifike pa kuchapa kwenikweni, kwa siketi, thalauza, bulauzi kapena juzi imene mwatsimikiza kuti ingalowe m'madzi. Apa pafunika kuiwala kaye machapidwe amene tinakula nawo. Kunyika zovala kuyambira m'mawa, kupaka sopo wa mtanda, kuchikicha mpaka thovu litasefukira, kumenyetsa pamwala, kufinya mopotokola: zonsezi n'zabwino pa zitenje ndi makhaki, koma pa ubweya ndi silika ndi imfa. Ngati amakuchapirani ndi wantchito kapena mwana wa pakhomo, khalani naye pansi mumuonetse, ndipo zovala zoterezi muziziika padera. Si chilungamo kumukalipira kapena kumudula malipiro pa chinthu chomwe sanauzidwepo.

Thirani madzi ozizira m'beseni loyera. Ngati madzi a pa mjigo wa kwanuko amasiya dzimbiri m'ndowa, gwiritsani ntchito a pampopi kapena a mvula osefa bwino. Sopo wa ufa si wa ntchito imeneyi. Ndi waukali, ndipo wambiri amaikamo zinthu zogaya mabanga a zakudya ndi magazi, zomwe zimagayanso ubweya ndi silika pang'onopang'ono popeza nazonso n'zochokera ku zamoyo. Jik ndiye woopsa kuposa pamenepo, amadya ulusi woterewu mpaka kuboola. Funani sopo wamadzi wolembedwa kuti ndi wa ubweya ndi nsalu zofewa, ndipo akasowa, shampu wa ana amagwira ntchito. Supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri zakwana.

Tembenuzani chovala, tsekani zipi, chimizeni, n'kumachikanikiza pang'onopang'ono ndi zikhato kwa mphindi zisanu kapena khumi. Pa kolala ndi m'khwapa sisitani ndi nsonga za zala basi. Tsukuluzani kawiri kapena katatu m'madzi ozizira chimodzimodzi, chifukwa kusintha kuchoka ku otentha kupita ku ozizira nakonso kumakolanitsa ubweya. M'madzi omaliza mungathire supuni ya viniga woyera kuti sopo yense achoke. Potulutsa chinyamuleni chonse ndi manja awiri, osachikoka ndi mkono umodzi. Chiyaleni pa thawulo louma, kulungani pamodzi, kanikizani kuti thawulo limwe madzi. Juzi iyanikidwe chogona pa thawulo lina, mutaiwongola kuti ibwerere mmene inalili. Ikapachikidwa yonyowa imatamuka mapewa. Thalauza ndi siketi zingapachikidwe ndi m'chiuno. Dzuwa la masana limasulutsa nsalu zakuda ndi kufooketsa silika, choncho ziume pamthunzi.

Pa thalauza la suti pali chenjezo lina. Mukamalichapa kawirikawiri jekete ili chikhalire, pakapita miyezi mitundu yake imasiyana, ndipo sizionekanso ngati suti imodzi. Lichapeni mwa apo ndi apo. Posoketsa suti kwa telala ndi nzeru kusoketseratu mathalauza awiri a nsalu yomweyo.

Kuyanika pamthunzi kuli ndi vuto lake kuno kwathu, lomwe malangizo olembedwa ku London kapena ku New York satchula: mphutsi. Ntchentche imene imabereka mphutsi zolowa pakhungu imaikira mazira pa dothi la pamthunzi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zokhala ndi kafungo ka thukuta kapena mkodzo. Munthu akavala, timphutsi timaboola khungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Choncho chovala chofewa musachiyale pa udzu, pa mpanda wa maluwa kapena pansi pa mtengo wa mango. Chiumire m'nyumba pafupi ndi windo, ndipo chikauma chisitidwe mbali zonse, makamaka m'misoko, chifukwa kutentha kwa simbi ndi kumene kumapha mazirawo.

Kusita nako kwawononga masuti ambiri kuposa madzi. Thalauza lakuda lonyezimira m'mawondo ndi kumbuyo nthawi zambiri ndi ntchito ya simbi yoikidwa mwachindunji pansalu. Nthawi zonse ikani kansalu ka thonje koyera, konyowa pang'ono, pakati pa simbi ndi chovala, ndipo muzikanikiza ndi kunyamula m'malo mokhwekhwereza. Timadontho ta pa kalebulo tili ndi tanthauzo: kamodzi ndi moto wochepa, pafupifupi madigiri 110, wa nsalu monga nayiloni, akiriliki ndi acetate, tiwiri ndi pafupifupi 150, wa ubweya, titatu ndi pafupifupi 200, wa thonje ndi bafuta. Magetsi akazima ambiri timatsitsa simbi ya makala. Imagwira ntchito, koma ilibe poichepetsera moto, ndipo kakhala kamodzi kothetheka kamaboola poliyesitala nthawi yomweyo. Ikupizeni panja, pukutani phulusa, iyeseni pa chiguduli, ndipo kansalu konyowa kaja kasachoke.

Pali njira ina imene imanong'onezedwa m'makwalala yomwe ndikupempha ndi mtima wonse kuti musaiyese: kuviika suti mu petulo kapena palafini poti ndi zomwe amachita ku dry cleaner. Zoona, akale ankatero, ndipo n'chifukwa chake ankapsa. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umayenda chokwawa pansi osaoneka, ndipo ungakafike pa mbaula ya kukhitchini kapena pa kandulo wa chipinda china n'kubwerera ndi moto mpaka pa beseni. M'nyumba zathu zambiri ana amasewera pansi pomwepo. Palibe suti yofanana mtengo ndi khungu la mwana. Chimodzimodzinso musasakanize Jik ndi viniga kapena ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa zimatulutsa mpweya wa poizoni wowononga mapapo.

Zonsezi sizikutanthauza kuti ku dry cleaner tisapondekonso. Jekete ya ubweya yosamalidwa ndi burashi, mphepo ndi nthunzi ingapiteko kamodzi pa miyezi ingapo m'malo mwa sabata ndi sabata, ndipo idzakhalitsa, popeza mankhwala ndi makina ositira otentha nazonso zimakalambitsa nsalu. Banga lalikulu la mafuta, la penti kapena la girizi wa njinga likufuna akatswiri, ndipo mukapita nalo auzeni chimene chinatayikira ndi zimene mwayesapo kale. Suti yobwereka kapena ya hayala, mkanjo wa kukhoti kapena wa pa guwa, yunifomu ya kampani yomwe mudzafunsidwe kubweza, zimenezi si zophunzirirapo. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ikatha, majekete ndi majuzi aubweya ayeretsedwe musanawasunge, chifukwa njenjete imathamangira pomwe pali thukuta ndi zakudya zotsalira. Asungidwe atauma bwino, m'thumba la nsalu osati la pulasitiki, kuti chinyezi cha dzinja chisabweretse chuku.

Poyamba yesani pa chovala chomwe chitawonongeka simungalire nacho, monga siketi yakale ya poliyesitala. Manja akazolowera mudzafike pa thalauza laubweya. Pogula pa kaunjika muzitembenuza chovala n'kuwerenga kalebulo musanayambe kunenerera mtengo, chifukwa bulauzi yotchipa yosalola madzi imadzakhala yodula pakutha pa chaka.

Mawu otsiriza apite kwa olemba anthu ntchito. Mukamasankha yunifomu ya alonda, olandira alendo, operekera zakudya kapena a pa kauntala, sankhani nsalu yochapika ndi madzi ndi sopo. Ngati mwaumirira jekete yofuna dry cleaner, ndalama yochapitsira ichoke ku kampani, isachoke pa malipiro a wantchito.